Ndipemphe Kaye Kapena Ndingojambula?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene wangoyamba kumene kujambula zithunzi akakhala pa ulendo. Ndaifupikitsa, koma akuti: "Ndikaona munthu pamsewu ali kalikiliki ndi zochita zake, ndimalakalaka kumujambula. Ndikamupempha amaima njo n'kuyamba kumwetulira mokakamiza, chithunzi chija n'kufa. Ndikapanda kupempha ndimadzimva ngati wakuba. Kodi akatswiri aja amatani?"

Achemwali, akatswiriwo sagwirizana pa nkhaniyi, ndipo sanagwirizanepo chiyambire.

Henri Cartier-Bresson wa ku France, mmodzi mwa amene anayambitsa bungwe la ojambula zithunzi la Magnum Photos mu 1947, ankamata tepi yakuda pa mbali zonyezimira za kamera yake ya Leica kuti isakope maso a anthu. Chithunzi chake chotchuka cha mu 1932 anachijambulira pa kampata ka mpanda, kuseri kwa siteshoni ya sitima ya Saint-Lazare ku Paris. Bambo wina akudumpha chithaphwi, chidendene chatsala pang'onong'ono kukhudza madzi, chithunzithunzi chake chili m'madzimo chadodolido. Pamenepo mukanapempha nthawi yanji? Walker Evans anachita kupyola apo. Kuyambira 1938 mpaka 1941 ankakwera sitima zapansi pa nthaka ku New York atabisa kamera m'chikhothi, lenzi ikusuzumira pakati pa mabatani. Ndiye pali Bruce Gilden, wa mumzinda womwewo, amene sabisa kanthu: amakufikira pafupi zedi, n'kukuthwanimitsira fulashi kumaso, iwe usanadziwe chimene chachitika. Zithunzi zake n'zamphamvu, sindikana. Koma ine sindingachitire munthu zimene sindingafune kuti wina achitire mayi anga.

Amene ndimafuna muwayang'anitsitse ndi Malick Sidibé wa ku Bamako, m'dziko la Mali. M'zaka za m'ma 1960 ankayenda usiku m'maphwando a achinyamata, kamera ndi fulashi zili poyera, aliyense akumudziwa, ambiri atachita kumuitana. Akatsuka zithunzizo, achinyamata aja ankabwera kudzaziona n'kusankha zogula. Komatu taonani zithunzi zake: anthu akuvina, palibe amene waima njo. Ankamudziwa, ankamuona kawirikawiri, mpaka anasiya kumulabadira. Mu 2007 anapatsidwa mphoto ya Golden Lion pa chionetsero cha zaluso cha Venice Biennale ku Italy chifukwa cha ntchito ya moyo wake wonse.

Yankho langa lagona pamenepo. Chimene chikupha zithunzi zanu si kupemphako ayi, koma changu. Mumapempha, mumajambula kamodzi, mumathokoza, mumachoka, zonsezi m'mphindi imodzi. Munthu aliyense akaona kamera amayamba wavala nkhope ya alendo. Jambulani nkhope imeneyo, muonetseni, musekere limodzi, koma musachoke. Tiyerekeze kuti ndi wosoka nsapato: sangamwetulire mpaka kalekale. Kasitomala afika, ulusi uduka, wina amuitana kutsidya kwa msewu, ndipo abwerera ku ntchito yake. Chilolezo muli nacho kale, ndipo tsopano wakuiwalani. Chithunzi chimene munkafuna chija chimabwera apa.

Pamene pali anthu ambiri ongodutsa, simungapemphe aliyense, ndipo palibe chifukwa. Sankhani malo, osati munthu. Pezani pamene dzuwa likulowera pakati pa nyumba ziwiri, kapena khoma la mtundu wowala, muime pamenepo kamera ili pamtunda, aliyense akuiona. Amene sakufuna akulambalalani kapena kutembenuza nkhope, ndipo ameneyo wayankha kale. Fan Ho ankadikira chonchi m'tinjira ndi m'masitepe a ku Hong Kong m'zaka za m'ma 1950, mpaka munthu woyenera atalowa m'kuwalako. Konzeranitu kamera musanaone kanthu: shutter speed (nthawi imene kamera imatseguka kuti kuwala kulowe) pa 1/500 ya sekondi kuti oyenda asaoneke mbuu, kabowo ka lenzi pa f/8 kuti zapafupi ndi zapatali zioneke bwino. Mukayamba kupotokola timabatani munthu ali patsogolo panu, ndi pamene amayamba kukayikira.

Lenzi yaitali yokokera zinthu zakutali isiyeni m'chikwama. Anthu amantha amaikonda poganiza kuti ndi yaulemu, koma munthu akakugwirani mukumuloza nayo muli kuseri kwa mtengo, mumuuza chiyani? Yaifupi, ya 35mm kapena 50mm, imakukakamizani kuyandikira, ndipo woyandikira amayenera kupereka moni. Foni nayonso ndi yokwanira, popeza anthu anaizolowera. Vivian Maier, mlezi wa ana wa ku Chicago amene zithunzi zake zoposa 100,000 zinatulukira mu 2007 katundu wake atagulitsidwa pa okushoni, ankagwiritsa ntchito Rolleiflex, kamera yoigwirira pamimba n'kumayang'ana pansi. Nkhope yake sinkabisika kuseri kwa kamera. Ngati yanu ili ndi sikirini yopindika, yesani zimenezo. Ndipo kumene simudziwa chilankhulo, kukweza kamera pang'ono, kuyang'ana munthu m'maso ndi kudikira kuti agwedeze mutu ndi pempho lomveka kulikonse.

Pali ena amene simuwajambula popanda chilolezo chomveka bwino: ana, odwala, ogona m'misewu, olira maliro, opemphera. Mwina munena kuti nanga Ernest Cole, amene analowetsa kamera mobisa m'migodi ya ku South Africa nthawi ya tsankho? Iyeyo ankabisira olamulira, pofuna kuonetsa dziko zimene iwo ankaphimba, ndipo anathawa kwawo mu 1966 n'kukafera ku New York mu 1990. Ife odutsa ndi chikwama kumsana tisadzinamize kuti tikuchita zofanana.

Za malamulo, musaganize kuti msewu ndi msewu basi. Ku New York, bambo wina anasumira Philip-Lorca diCorcia mu 2005 chifukwa chomujambula ku Times Square iye osadziwa, n'kumagulitsa chithunzicho. Khoti linathetsa mlanduwo mokomera wojambula. Ku France munthu ali ndi ufulu waukulu pa chithunzi chake, makamaka chikafalitsidwa. Ku Hungary, kuyambira 2014, lamulo limafuna chilolezo ngakhale pa kujambula kwenikweniko ngati munthuyo akuzindikirika, kupatula pa chigulu cha anthu kapena zochitika zapoyera. Ku United Arab Emirates kujambula munthu popanda chilolezo chake kungakufikitseni kupolisi. Malo a asilikali ndi zipata za m'malire, kamera ibwerere m'chikwama. Ndipo chithunzi chotsatsira malonda chimafuna kuti mwini nkhopeyo asayine pepala. Werengani za dziko limene mukupitako musananyamuke.

Koma ngakhale lamulo likuloleni, nkhani siithera pa kudina batani. Mu 1936 Dorothea Lange anajambula mayi wazaka 32 ali ndi ana ake mu tenti ku Nipomo, California, dzanja lili pachibwano, ana awiri atabisa nkhope pa mapewa ake. Chithunzicho chinakhala chizindikiro cha umphawi wa nthawi imeneyo ku America. Lange sanafunse dzina la mayiyo. Dziko linadzadziwa mu 1978 kuti ndi Florence Owens Thompson, ndipo iye anadandaula kuti sanapindule nacho kanthu. Mayiyu analola kujambulidwa, komabe mtima wake sunakhale pansi. Chimodzimodzi mtsikana wa ku Afghanistan amene Steve McCurry anamujambula mu kampu ya othawa kwawo ku Pakistan mu 1984: anali pachikuto cha magazini ya National Geographic mu June 1985, koma dzina lake, Sharbat Gula, linadziwika mu 2002.

Choncho mukacheza ndi munthu mpaka kumujambula, funsani dzina, muuzeni ngati mukufuna kuika chithunzicho pa Instagram kapena Facebook, tengani nambala yake, ndipo mukalonjeza kutumiza pa WhatsApp mutumizedi tsiku lomwelo. Wina akati fufutani, fufutani iye akuona, ngakhale chikhale chabwino kuposa zonse za ulendowo.