Yankho kwa mayi a ku Chitakale ofuna mafilimu oti aonere ndi ana pa Netflix

Mayi, mwalemba kuti mwalipira Netflix ya mwezi umodzi wokha pa tchuthi chino, ndipo mukufunsa mafilimu amene mungaonere limodzi ndi ana anu awiri, wa Fomu 2 ndi wa Sitandade 6, komanso agogo awo amene Chingerezi sachimva, popanda kuwononga bandulo pa zinthu zosathandiza. Anzathu m'gulu muno akulemberani kale mayina ambirimbiri, koma ine ndikupatsani ochepa okha, chifukwa mwezi umodzi suchedwa kutha ndipo bandulo yambiri imathera pa kutsegula filimu iyi, kuisiya, n'kutsegula ina. Ndasankha makamaka mafilimu amene mwana wokulira m'tsinde mwa phiri la Mulanje angaonemo zinthu zimene akuzidziwa kale, popeza ndi otere amene amabutsa nkhani pakhomo kanema akatha.

Yambani ndi The Boy Who Harnessed the Wind, imene inatuluka mu 2019. Ndi nkhani ya William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, m'boma la Kasungu, amene anachotsedwa sukulu chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, koma anapitiriza kuwerenga mabuku a sayansi a m'laibulale yaing'ono ya kwawoko mpaka anapanga makina opukusidwa ndi mphepo otulutsa magetsi, pogwiritsa ntchito zitsulo zotola kudzala, mapaipi apulasitiki ndi njinga ya bambo ake. Anaijambulira ku Malawi konkuno, ndipo mbali yaikulu ya zokambirana ili m'Chichewa, choncho agogo aitsatira bwinobwino. Ngakhale zigawo zake anazipatsa mitu ya Chichewa, kuyambira pa kufesa, kudutsa pa njala, mpaka pa mphepo. Amene anaiwongolera ndi Chiwetel Ejiofor, katswiri wa ku Britain wa makolo a ku Nigeria, ndipo ndi iye yemwe akusewera ngati bambo a William, a Trywell. Mnyamata amene akusewera ngati William ndi Maxwell Simba wa ku Kenya, pamene mchemwali wake Annie ndi mwana wathu Lily Banda.

Ndinene mosabisa kuti Chichewa cha ena mwa osewerawo chikuseketsani poyamba, chifukwa anachita kuchiloweza ndipo lilime limawakana pena ndi pena. Amalawi ambiri anadandaula nazo filimuyi itangotuluka, ndipo dandaulolo linali lomveka. Komabe musaizimitse chifukwa cha zimenezo, pakuti pakangotha mphindi zochepa khutu limazolowera ndipo nkhaniyo imakugwirani. Pali malo amene mnyamatayo akupukusa gudumu la njinga ya mphunzitsi wake, n'kuona nyale ikuyaka kenako ikuzima gudumulo likaima, ndipo akuwerama kuyang'anitsitsa kadayinamo kamene kakukhudza tayala. Wa Fomu 2 uja muimitsireni pamenepo afotokoze yekha chimene chikuchitika, chifukwa ndi zomwezo zimene amalemba m'kope la Fizikisi. Palinso malo a pa depoti ya chimanga pamene anthu akukankhana pa chipata atanyamula matumba opanda kanthu, ndi pamene banja likugwirizana kuti lizidya kamodzi kokha pa tsiku. Pamenepo musadabwe agogo akayamba kusimba za njala imeneyo monga anaionera kuno, ndipo akatero aloleni alankhule, kanema adikire. Kwa wamng'onoyo, muchenjezeni kuti galu wa William, Khamba, akufa ndi njala, chifukwa ana ambiri amalira pamenepo kuposa paliponse.

Chinthu chimodzi chimene ndimafuna anthu a kuno asachiphonye m'filimuyi ndi chiyambi cha mavutowo. Anthu a m'mudzi akugulitsa mitengo yawo ku esiteti ya fodya chifukwa chofuna ndalama zamsanga, mfumu ikuwachenjeza koma sakumva, kenako mvula ikubwera yambiri n'kukokolola minda isanadule n'kusiya chilala. Aliyense amene anaona matope ndi miyala zikutsika m'mapiri pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, kuno ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chilobwe, safunika womumasulira. Dziwaninso kuti opanga filimu anasinthako zina kuti nkhani ikome. M'filimu makinawo akupopa madzi othirira mbewu nthawi yomweyo, pamene m'moyo weniweni makina oyamba a William ankayatsa mababu a m'nyumba ndi wailesi, ndipo zopopa madzi zinabwera pambuyo pake. Ndi bwino ana adziwe kuti filimu yochokera pa nkhani yoona siikhala yoona m'zonse.

Yachiwiri ndi Virunga, ya mu 2014, imene si sewero koma zochitika zenizeni zojambulidwa pamene zinkachitika. Imeneyi muonere inu ndi wa Fomu 2, wamng'ono atagona, chifukwa muli kulira kwa mfuti ndi mitembo ya nyama. Virunga ndi malo osungirako zachilengedwe a kum'mawa kwa dziko la Congo, amene anakhazikitsidwa mu 1925 ndipo ndi akale kuposa ena onse a mtundu wake mu Africa. Kumeneko kumakhala anyani akuluakulu a m'mapiri otchedwa gorila, amene atsala ochepa kwambiri pa dziko lapansi. Wojambula filimuyi, Orlando von Einsiedel, anapezeka kumeneko mu 2012 pamene zigawenga za M23 zinayamba nkhondo, ndipo nthawi yomweyo kampani ina ya ku Britain inkafuna kufufuza mafuta m'dera la nyanja ya Edward, mkati mwa malo otetezedwawo. Mumaona alonda a m'nkhalango ali pakati pa zigawenga, opha nyama ndi anthu a ndalama, ndipo mumaona André Bauma, amene amalera ana amasiye a gorila, akukana kuthawa mabomba akulira pafupi, anyaniwo atamukakamira m'khosi chifukwa cha mantha.

Ndaiika pamwamba chifukwa funso lake ndi lathu lomwe. Phiri lathuli, ndi nsonga yake ya Sapitwa yotalika mamita 3,002, lili ndi mkungudza umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse, ndipo ndi mtengo wa fuko lathu, koma mitengo ikuluikulu yatha ndi macheka. Nkhani yofuna kukumba miyala ya bauxite, yopangira aluminiyamu, ku Lichenya imabuka, n'kuzilala, n'kubukanso. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse, koma Virunga inalowa m'kaundula yemweyo mu 1979 ndipo zimenezo sizinaletse ofuna mafuta kufika. Mwana amene amamwa madzi a Likhubula kapena a Ruo ayenera kuyamba kuganiza yekha ngati chuma cha pansi pa nthaka chingapose madzi otsika m'phiri, ndipo filimuyi imamupatsa poyambira popanda kumulalikira.

Ya banja lonse, kuphatikizapo agogo, ndi Our Planet ya mu 2019, ya zigawo 8, chilichonse cha mphindi pafupifupi 50. Wofotokoza ndi David Attenborough, ndipo amalankhula Chingerezi chodekha chimene mwana wa Sitandade 6 angatolepo mawu, makamaka mukayatsa mawu olembedwa m'munsi. Agogo safunika kumva chilichonse, zithunzi zokha zimakwana. Simukuyenera kuonera zigawo zonse kapena kutsata ndondomeko yake. Ine ndingayambe ndi cha nkhalango ndi cha madzi a m'mitsinje ndi m'nyanja zopanda mchere, chimene chikuonetsa tinsomba ta m'nyanja ya Tanganyika, abale a mbuna zathu za ku Mangochi, tikulandana zigoba za nkhono zoti tiikiremo mazira. Chigawo cha nkhalango chikuthera ku Chernobyl, m'dziko la Ukraine, kumene anthu anasamuka mu 1986 malo opangira magetsi a nyukiliya ataphulika, ndipo lero mitengo yamera m'misewu ndi m'nyumba, nyama zakutchire n'kubwerera. Amene amadutsa ku Thyolo n'kuona mmene phiri la kumeneko linayerera aonere chigawo chimenechi. Cha maiko ozizira chili ndi malo omvetsa chisoni pamene nyama zikuluzikulu za m'nyanja zikugwa kuchokera pa maphompho, choncho wamng'ono akhoza kuchidumpha. Mu 2020 a Netflix anaika zigawo zimenezi pa YouTube kwaulere, ndiye ngati mwezi ukukutherani, zimenezi ndi zimene mungazisiye kuti mudzazione pambuyo.

Wina wakuuzani za My Octopus Teacher ya mu 2020, ya bambo wa ku South Africa, Craig Foster, amene ankasambira tsiku ndi tsiku m'nyanja yozizira pafupi ndi Cape Town kuti azicheza ndi kanyama ka miyendo 8. Inapata mphoto ya Oscar mu 2021 ndipo zithunzi zake n'zokongola, koma imayenda pang'onopang'ono ndipo imadalira kumva zimene mwini wake akusimba. Kwa ine imeneyo ndi yanu nokha, usiku ana atagona.

Tchuthi si sukulu, choncho pafunikanso zoseketsa. Lionheart ya mu 2018 ndi ya Genevieve Nnaji wa ku Nigeria, ndipo ndi nkhani ya mwana wamkazi amene akulimbana kuti apulumutse kampani ya mabasi ya bambo ake ku Enugu bambowo atadwala, koma mpando n'kupatsidwa kwa bambo ake aang'ono m'malo mwa iye. Mulibe zolaula kapena zamatsenga, ndipo nkhope za Pete Edochie ndi Nkem Owoh muzizindikira msanga ngati munaonerako mafilimu a ku Nigeria m'nyumba za vidiyo za pa Limbuli kapena pa Luchenza. Wamng'ono mupatseni Supa Team 4 ya mu 2023, zidole zojambula zimene anayambitsa Malenga Mulendema wa ku Zambia. Ndi atsikana anayi a sukulu a mu Lusaka amene amalimbana ndi zigawenga mobisa, ndipo mayina, zovala ndi misika yake n'zofanana ndi zathu.

Mndandanda wa Netflix umasiyana dziko ndi dziko ndipo umasintha, choncho musanagule bandulo yaikulu lembani dzina lililonse pa malo ofufuzira muone ngati likutuluka. Mafilimu amene ali a Netflix eni ake, okhala ndi chilembo chofiira cha N, kawirikawiri sachoka. Mafilimu opangidwa ndi Amalawi muwafunefune paliponse pamene angapezeke movomerezeka, osayembekezera Netflix yokha. Ndikunena The Last Fishing Boat ya mu 2012 ndi The Road to Sunrise ya mu 2017, onse a Shemu Joyah, komanso Fatsani ya Gift Sukez Sukali, yonena za mtsikana wogulitsa malonda m'misewu. The Road to Sunrise ikukamba za amayi oyendayenda a mu Blantyre, ndiye si ya ana. Palinso The Ants and the Grasshopper ya mu 2021, yopangidwa ndi anthu akunja, mmene mlimi wa ku Mzimba, Anita Chitaya, akupita ku America kukakambirana ndi alimi a kumeneko za kusintha kwa nyengo, ena a iwo osakhulupirira n'komwe kuti vutolo lilipo.

Pa za bandulo, a Netflix eni ake amanena kuti ola limodzi limadya pafupifupi 0.3 GB mukasankha chithunzi chotsika, 0.7 GB pa chapakati, ndipo mpaka 3 GB pa chowala cha HD. Pa foni kapena pa kompyuta yaing'ono, chapakati n'chokwanira. Boy Who Harnessed the Wind ndi ya maola osakwana awiri, choncho pa chapakati siifika 1.5 GB. Zimitsani zija zoti tizidutswa ta mafilimu tizisewera tokha pamene mukusankha, ndi zoti chigawo chotsatira chiziyamba chokha, chifukwa mwana akagona kanema akuyenda, bandulo imatha usiku womwewo. Chabwino koposa ndi kupanga dawunilodi pa foni nthawi imene netiweki ili bwino, monga usiku kwambiri pamene mabandulo otsika mtengo amagwira ntchito, kenako n'kuonera popanda intaneti ngakhale magetsi atathima. Wa Sitandade 6 mumutsegulire mbali yakeyake ya ana, imene imabisa mafilimu a akuluakulu, ndipo yanuyo muitseke ndi nambala yachinsinsi. Popeza mwati mukufuna mwezi umodzi wokha, lowani mu akaunti yanu lero lomwe n'kuletsa kulipira kwa mwezi wotsatira. Mupitirizabe kuonera mpaka tsiku limene munalipirira litakwana, koma mukapanda kutero adzadula okha ndalama pa khadi lanu la kubanki.