Musagule kaye CRM, yambani ndi ma invoice anu omwewo

Achemwali funso lanu ndaliona, mwati muli ndi hadiweya, ma invoice onse mumalemba mu pulogalamu ya maakaunti ya QuickBooks kuyambira 2022 ndiye wina wakuuzani kuti mugule CRM, pulogalamu yosungira mbiri ya makasitomala ndi kuwalondola, kuti makasitomala azibwereranso. Ine ndikuti dikirani kaye, ndalamayo isungeni, zambiri zomwe mukufunazo zili kale mu kompyuta yanuyo.

Koma pali kantchito kotopetsa koyamba. Tsegulani mndandanda wa makasitomala muone mmene anyamata apa kauntala akhala akulembera maina. Mupeza munthu mmodzi alimo katatu, pena alemba "bambo aku 25", pena dzina lawo lenileni, pena dzina la kampani yawo, ndiye ena onse angowaunjika pa Cash Sale basi. Zikakhala chonchi lipoti lililonse likunamizani. Phatikizani mainawo, QuickBooks imalola zimenezo, ndipo kuyambira mawa aliyense wogula katundu wambiri azilembedwa ndi nambala ya foni, poti dzina aliyense amalemba mwakemwake koma nambala ya Mpamba kapena Airtel Money ndi imodzi yomweyo.

Mukatero tulutsani mu QuickBooks lipoti la Sales by Customer Summary, loonetsa ndalama zomwe kasitomala aliyense wagulira katundu, muliponye mu Excel mwezi ndi mwezi. Musathamangire kuona amene amagula kwambiri, amenewo mumawadziwa kale ndi nkhope zomwe. Sakani amene ankabwera mwezi uliwonse koma pano papita miyezi itatu osaoneka, kontilakita uja ankatenga simenti pa lole, pulambala uja wa mapaipi. Amenewa muwaimbire nokha ndi mawu anu, osatuma mwana wa pa shopu, mungowafunsa kuti abwana mwasowatu, tinakulakwirani chani? Nthawi zambiri nkhani yake imakhala yaing'ono, anabwera kawiri osapeza malata a geji yomwe amafuna ndiye anazolowera kwina, kapena ali ndi kangongole kotsala akuchita nako manyazi. Ndiye musanaimbe yang'anani pa A/R Aging Summary, imaonetsa amene ali ndi ngongole komanso yagona masiku angati, mudziwe polankhula pake, ena kungowauza kuti azibweza pang'onopang'ono mawa lake akutulukira.

Apa samalani, musafanizire zaka poona makwacha. Kwacha inagwetsedwa ndi 44% mu Novembala 2023, mitengo yonse inakwera, ndiye munthu atha kuoneka ngati akugula zambiri pomwe matumba achepa. Werengani matumba a simenti, malata, zitini za penti, zimenezo zili pa lipoti la Sales by Item. Pomwepo muonanso miyezi yomwe katundu wina amathamanga, kaya ndi msika wa fodya ukatsegulidwa alimi akayamba kumanga, kaya ndi Okutobala anthu akuthamangira kufolera mvula isanagwe, muziwoda nthawi isanakwane.

China chomwe chimandiwawa ine, chonde musatenge manambala onsewo nkuwaponya mu gulu la WhatsApp kuti muzitsatsa malonda. Munthu anakupatsani nambala kuti mumulembere invoice, kenako angodzuka ali mgulu la anthu osawadziwa aliyense akuona nambala yake, ameneyo mwamutaya. Komanso pano kuli lamulo la Data Protection Act la 2024, a MACRA ndi amene akuyang'anira, si zongochita mmene tafunira ayi. Mufunseni pa kauntala pomwepo ngati akulola kuti muzimutumizira mitengo yatsopano, akavomera chongani, akakana musiyeni. Wantchito aliyense akhale ndi pasiwedi yakeyake, akachoka ntchito itsekeni tsiku lomwelo, ndipo backup, kope la zonse za mu QuickBooks, muzisunga pa flash kunyumba osati mu kompyuta yomweyo.

CRM mudzaiganizire mukadzakhala ndi ogulitsa angapo oyenda mma saiti kukasaka maoda, ofunika kuwalondola kuti walankhula ndi ndani liti. Pakadali pano mukavutika pa Excel paja lembani pano tithandizane.