Mwana akufuna mita yoyezera magetsi: ndigule iti?

"Mwana wanga analemba MSCE ndipo pano akuyenda ndi mmisiri wina wa zamagetsi kuno ku Ngabu. Wandikakamira kuti ndimugulire mita yoyezera magetsi. Akuti ilipo multimeter, ilipo ina ya clamp yokwererapo mtengo. Ine chomwe ndingagulitse ndi mbuzi imodzi basi. Ndigule iti? Nanga ntchito imeneyi angadyere?" Akufunsa motero mayi ena a ku Ngabu.

Zikomo mayi. Gulani multimeter. Ya clamp idikire mpaka mnyamatayo adzayambe kugwira mapampu ndi mamota, ndipo pofika apo adzagula ndi ndalama yake.

Multimeter ndiyo mita yophunzirira. Imayeza ma volt a soketi, a batire ndi a sola, imayeza resistance (mmene chinthu chikukanizira magetsi kudutsa), ndipo imalira ikapeza kuti waya ndi wolumikizana mkati, sanaduke. Pogula, musakopeke ndi yotchipa kwambiri ya pamsika. Auzeni ogulitsa akuonetseni pomwe palembedwa CAT III 600V, afunseninso ngati ili ndi fyuzi mkati. Zingwe zake zikhale zolimba, zopanda mong'aluka. Zilembo za CAT III 600V zija zikutanthauza kuti mitayo inapangidwa kuti ipirire magetsi akadumpha mwadzidzidzi pa bokosi la mabureka, osamuphulikira mwana m'manja.

Koma musanagulitse mbuziyo, muyeseni kaye. Mufunseni kuti pa soketi ya ESCOM akuyembekezera kuona nambala yanji. Ayankhe kuti pafupifupi 230. Nanga pachigayo cha three phase, pakati pa mawaya awiri amoto? Ndi 400. Batire ya sola ya 12V ikadzaza n'kupumula imaonetsa 12.6 kapena 12.7, ikatsika pansi pa 12 ndiye kuti yatsala pang'ono kutheratu. Mita imangotulutsa nambala, siuza munthu ngati nambalayo ili bwino. Wophunzira amene sadziwa nambala yoyenera asanagunditse zingwe akungosewera ndi moto.

Kwathu kuchigwa kuno kulinso kake. Ma volt olembedwa kuseri kwa panelo ya sola anayezedwa pa 25°C. Mu Okutobala, Ngabu ikamaotcha kupitirira 40, paneloyo imatentha koposa apo ndipo ma volt amatsikako pang'ono. Wosadziwa amauza mwini nyumba kuti sola yafa, pomwe vuto ndi dzuwa lathu lomweli.

Pali cholakwa chimodzi chomwe chimatha mamita a ophunzira, ndipo ndikupemphani mumuwerengere ndime ino mokweza. Chingwe chakuda chimakhala pa bowo la COM nthawi zonse. Chofiira chimalowa pa bowo la V poyeza ma volt, n'kusamukira pa bowo la 10A poyeza ma amp (kuchuluka kwa magetsi oyenda mu waya). Ndiye munthu amayeza ma amp a babu ya sola, n'kuiwala kubweza chingwe chofiiracho, kenako n'kukachigunditsa pa soketi. Pamenepo mita yasanduka waya wolumikiza laivi ndi nyutralo: shoti. Ikakhala ndi fyuzi, fyuzi ndiyo imapsa. Ikakhala yopanda fyuzi, amapsa ndi mwana wanu. Resistance nayo sayeza pomwe pali moto, ayambe wathimitsa. Ndipo asanakhudze waya yemwe akuti alibe magetsi, ayese mitayo pa soketi yomwe akudziwa kuti ili ndi moto, ayeze wayayo, abwererenso pa soketi ija kutsimikiza kuti mita sinafe pakati. Anthu agwidwa ndi nyesi chifukwa chokhulupirira ziro wa mita yomwe batire yake inatha.

Ubwino wa clamp ndi woti suchita kudula waya kuti uyeze ma amp. Umangotsegula kukamwa kwake, n'kumiza waya mmodzi, iyo n'kuwerenga mphamvu ya maginito yozungulira wayayo. Ndati mmodzi. Ukamiza kebulo yonse, laivi ndi nyutralo pamodzi, imaonetsa ziro chifukwa magetsi opita ndi obwerera amafafanizana. Pa pampu yothirira, mmisiri amayerekeza ma amp omwe wapeza ndi olembedwa pa kachitsulo ka pa mota. Akapitirira, pena pake pavuta, kaya mchenga wa mu Shire walowa, kaya mabering'i atha. Akamadzagula adzasamale, chifukwa ma clamp ambiri otchipa amayeza ma amp a AC okha, monga a magetsi a ESCOM, pomwe a sola ndi a batire ndi DC.

Zoti angadyere, angadyere ndithu. Ku Nchalo kuli fakitale ya shuga ya Illovo ndi mapampu ake, ku Kapichira EGENCO ikupanga magetsi, ngalande ya Shire Valley Transformation Programme ikukulitsa ulimi wothirira, ndipo sola zafika mpaka ku Bangula ndi ku Nsanje. Madzi osefukira ngati a namondwe Freddy mu 2023 amasiyanso nyumba zambiri zofunika kuunika mawaya asanayatse, ngakhale apo pamafunika chida china, insulation tester, choyeza ngati chikuto cha mawaya sichikutaya magetsi, multimeter siikwana.

Koma makampani safunsa kuti uli ndi mita yanji, amafuna pepala. Azitchera khutu TEVETA ikamalengeza malo a maphunziro a Electrical Installation m'makoleji a ntchito zamanja monga Soche ku Blantyre. Ngati Masamu ndi Physics anakhoza bwino kwambiri, ayesenso uinjiniya ku MUBAS. Kuika mawaya m'nyumba za anthu kumafuna chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, choncho afunseni bwino amisiri akuyenda nawowo ngati ali nacho. Ngati alibe, mwanayo aziphunzira manja kwa iwo, koma mafomu a koleji atumize chaka chino.