Mwana akufuna dressage: kodi tiyambe ndi kugula poni?

Mayi wina wandilembera imelo yofunsa kuti mwana wake wamkazi wa zaka 8 angalowe bwanji m'maphunziro a ana a dressage (masewera omwe wokwera amayendetsa hatchi mwaluso m'bwalo motsatira ndondomeko yoikika), ndiponso ngati n'chanzeru kumugulira poni (hatchi ya mtundu waufupi) yakeyake. Mayi, funso lanu lachiwirili landifika pamtima, chifukwa ine ndinaliyankha molakwika mwana wanga ali pa msinkhu womwewo.

Ndinamugulira poni ya zaka 4, yaubweya wonyezimira, ndikudziuza kuti awiriwa adzakulira limodzi. Wogulitsayo sanandinamize chilichonse. Ndine amene ndinasankha ndi maso. Chimene sindinaganizire n'chakuti mu dressage wokwera amalankhula ndi hatchi pogwiritsa ntchito miyendo, kakhalidwe kake pachishalo ndi zingwe zapakamwa, choncho ngati onse awiri sakudziwa chilankhulocho, palibe woti n'kuphunzitsa mnzake. Sindiiwala tsiku limene mwanayo ankayesa kuzungulira mkombero wa mamita 20 kuyambira pa A, chimodzi mwa zilembo zosonyeza malo m'mphepete mwa bwalo, koma poniyo inadula njira n'kukaima pachipata, makutu ataloza kukhola. Anakoka zingwe mpaka zala zinafiira, kenako anatsika, anavula helumeti n'kukhala pansi osalankhula kanthu.

Imene inatipulumutsa ndi poni ya kusukulu yophunzitsa kukwera hatchi, yazaka zoposa 20, ya imvi kumaso, yomwe ndinaiderera nditangoiona. Mwanayo akangokhazikika pachishalo n'kufumbata zingwe pang'ono, inkaima bwinobwino pa X, pakati penipeni pa bwalo, ndipo akakoka mwamphamvu inkangopukusa mutu osamvera. M'miyezi yochepa manja ake anapepuka, chinthu chimene ine ndi kukalipa kwanga konse ndinalephera kumuphunzitsa. Kuyambira pamenepo sindisinthanso maganizo: mwana wongoyamba kumene asapatsidwe poni yongoyamba kumene, ngakhale mtengo utatsika chotani.

Amandidabwitsanso makolo amene amafunsa za mipikisano ya FEI, bungwe loyang'anira masewera a hatchi padziko lonse, mwana asanadziwe n'komwe kuchotsa timiyala m'ziboda. M'gulu la maponi la bungweli mumapikisana ana a zaka 12 mpaka 16, pa poni yosapitirira masentimita 148 ikakhala yopanda nsapato zachitsulo, kotero wanuyo akadali ndi zaka 4 zoti aphunzire popanda womuthamangitsa.

Poyambira pake

Pezani mphunzitsi wozolowera ana amene ali ndi maponi odekha, ndipo musanalipire mukaonerere kaye mmene amalankhulira ndi mwana amene walakwitsa. Mufufuzenso ngati pafupi nanu pali nthambi ya Pony Club, bungwe lomwe linayamba ku Britain mu 1929, chifukwa limaphunzitsa kukwera pamodzi ndi kusamalira poni. Mayeso oyambirira amakhala a kuyenda ndi trot (kuthamanga pang'onopang'ono kwa hatchi) basi, nthawi zambiri m'bwalo la mamita 20 m'lifupi ndi 40 m'litali, ndipo woweruza amapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 10 pa gawo lililonse. M'mipikisano yambiri yaing'ono amalolanso munthu wina kumamuwerengera mwanayo mokweza zoti achite. Helumeti mumugulire yatsopano ndiponso yomukwana bwino, koma poni mubwereke kapena mugwiritse ntchito ya kusukulu kwa chaka chathunthu, ndipo nthawi yogula ikadzakwana mudzapite ndi mphunzitsiyo kuti mwanayo akaikwere iye akuona.