Bwanji ena amakumbukira maloto, ena ayi?

Adzukulu anga, mafunso a maloto achuluka. Mtsikana wina wa ku Mufakose, muno mu Harare, akuti amalota tsiku ndi tsiku, ndipo amadzuka akukumbukira ngakhale mtundu wa chitenje chimene munthu anavala kutuloko, pamene mng'ono wake wogona naye chipinda chimodzi akuti salota n'komwe. Akufunsa ngati ndi mphatso kapena matenda. Mnyamata wa ku Dzivarasekwa, mu Harare momwemuno, akuti chisiyireni mowa ndi chamba akungolota akuthamangitsidwa, ndipo anzake akumuuza kuti wina wamulodza. Wachitatu analota agogo ake amene anaikidwa kumudzi ku Dedza akumupempha chofunda, ndipo sakudziwa kuti auze ndani. Mwachita bwino kufunsa, paja safunsa adadya phula.

Ndiyambe ndi iwe wa ku Mufakose. Mng'ono wakoyo amalota ndithu, amangoiwala. Tulo sitikhala tofanana usiku wonse. Timayenda m'magawo obwerezabwereza, ndipo ulendo umodzi umatenga mphindi pafupifupi 90, moti wogona maola 7 kapena 8 amazungulira kanayi kapena kasanu. Poyamba tulo timakhala topepuka, kenako tofa nato, tija umanyamula mwana kukamugoneka pamphasa iye osadziwa kanthu. Kumapeto kwa ulendo uliwonse kumabwera gawo limene madokotala amalitchula kuti REM. Pamenepo maso amayendayenda mofulumira kunsi kwa zikope, kupuma kumasokonekera, ubongo umagwira ntchito ngati munthu ali maso, koma manja ndi miyendo zimalefukiratu. Amene anazindikira zimenezi ndi Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman a ku yunivesite ya Chicago, mu 1953. Ukadzutsa anthu ali m'gawo limeneli, pafupifupi 8 mwa 10 alionse amakuuza loto. Ukafuna kudzionera wekha, yang'anitsitsa khanda likagona. Uona tizikope tikunjenjemera, kamwa ikumwetulira yokha, chifukwa theka la tulo ta khanda lobadwa kumene limathera m'gawo lomweli. Kwa wamkulu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a tulo take.

Nthawi yake ndi yofunika kuidziwa. Gawo loyamba la maloto limakhala lalifupi, mphindi 10 basi. Usiku ukamapita magawowa amatalika, ndipo cha kumbandakucha limodzi limatha kufika theka la ola kapena kupitirira. N'chifukwa chake maloto aatali, okhala ndi mutu ndi mchira, amabwera atambala atayamba kulira. Mayi amene amagona 11 koloko n'kudzuka 3 koloko kuti akapikule tomato ku Mbare Musika amadula tulo take pamalo penipeni pamene maloto amachuluka. Ukamufunsa adzati salota. Koma Lamlungu akagona mpaka dzuwa kutuluka, maloto amabwera motsatizana, owala ndi otopetsa, chifukwa ubongo umabweza zimene unamanidwa mlungu wonse. Alonda ogwira ntchito usiku amazidziwa bwino zimenezi.

Nanga kuiwalako kumachokera kuti? Pamene munthu akulota, ubongo susunga bwino zimene zikuchitika. Madzi ena a mu ubongo otchedwa noradrenaline, amene amathandiza kuti chinthu chikhazikike m'mutu, amatsika kwambiri nthawi imeneyo. Loto limasungika munthu akadzuka lili mkati kapena litangotha kumene, n'kukhala maso kwa kanthawi. Akapitiriza kugona osadzuka, lapita. Ku Lyon, m'dziko la France, Perrine Ruby ndi anzake anayeza magulu awiri a anthu, ena okumbukira maloto pafupifupi m'mawa uliwonse, ena okumbukira kamodzi kapena kawiri pamwezi. Zotsatira zimene anafalitsa mu 2014 zinaonetsa kuti okumbukirawo ankakhala maso mphindi pafupifupi 30 usiku wonse, ukaphatikiza tonse timene ankadzidzimuka, pamene enawo zinali pafupifupi theka la zimenezo. Ubongo wa okumbukirawo unkamvanso msanga phokoso, ali mtulo ngakhale ali maso.

Choncho, mwanawe, usanaganize za mphatso, dzifunse chimene chimakudzutsa. Kodi bedi lako lili kuzenera loyang'ana kumsewu kumene makombi amayamba kuimba mahutala kusanache? Kodi umamwa tiyi wambiri madzulo, chikhodzodzo n'kumakudzutsa? Kutentha kwa mu Okutobala, udzudzu, mwana woyamwa, mimba, nkhawa ya lendi, zonsezi zimadula tulo, ndipo wodulidwa tulo amakumbukira zambiri. Palinso chibadwa. Ena tulo tawo n'topepuka kuyambira ali ana, akazi amakumbukira maloto kuposa amuna pang'ono, achinyamata kuposa nkhalamba, ndipo amene amakonda kuganizira maloto ake amawakumbukira kuposa amene sawalabadira. Ngati umadzuka ndi mphamvu n'kugwira ntchito bwino masana, palibe matenda pamenepo. Ngati umadzuka wotopa ngati walima, vuto ndi tulo todukadukato, ndipo n'zimene tiyenera kukonza.

Mng'ono wako akafuna kuyamba kukumbukira, n'zosavuta. Agone maola okwanira, 7 mpaka 9. Aike kope ndi cholembera pamutu pa bedi. Akadzuka asatembenuke msanga, asalankhule, akhale momwe wadzukiramo maso ali chitsinzinire kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, agwire chilichonse chatsala, kaya ndi nkhope, malo kapena mantha okha, n'kutsata chobwerera m'mbuyo. Kenako alembe, ngakhale mawu atatu. Chimene chimalepheretsa ambiri ndi foni. Alamu ikalira dzanja lafika kale pa WhatsApp, ndipo uthenga woyamba umene wawerenga ukufufutiratu lotolo. Iwe amene ukufuna maloto owakumbukira achepe uchite zosiyana. Usamalembe maloto, uleke tiyi, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu dzuwa likapendeka, chifukwa theka la kafini, chothawitsa tulo chimene chili mu zakumwa zimenezi, amakhala adakali m'magazi patatha maola pafupifupi 5, ndipo uzigona ndi kudzuka nthawi imodzimodzi ngakhale Loweruka.

Tsopano iwe mnyamata wa ku Dzivarasekwa. Choyamba ndikuyamike posiya zinthu zimenezo. Palibe amene wakulodza. Mowa umagwetsa munthu msanga koma umapondereza gawo la maloto, makamaka theka loyamba la usiku. Chamba chimachita chimodzimodzi. Munthu akazisiya, gawo lija limabwerera mwamphamvu, maloto amakhala aatali, oopsa, omveka ngati masana. Kwa wosiya chamba zimayamba mlungu woyamba womwewo ndipo zimatha kukhala milungu ingapo, kwa ena kupitirira mwezi, kenako zimazilala zokha. Apa m'pamene ambiri amagwa. Amati ndisute pang'ono kuti ndigone, ndipo akadzasiyanso amayambira pomwepo. Pirira. Koma pali chimodzi chimene sindikufuna uchitenge mopepuka. Ngati unkamwa kwambiri tsiku lililonse, ndipo patatha masiku awiri kapena atatu chisiyireni ukunjenjemera, kutuluka thukuta, kusokonezeka mutu kapena kuona zinthu uli maso, amenewo si maloto. Pita kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa vuto limeneli limapha.

Mankhwala ena amachititsanso maloto achilendo. Efavirenz, amene ali m'gulu la ma ARV, amadziwika ndi zimenezi makamaka milungu yoyamba. Mefloquine woteteza ku malungo, propranolol wa mtima ndi kuthamanga kwa magazi, ndi mankhwala ena a matenda a nkhawa, makamaka munthu akawasiya mwadzidzidzi, amateronso. Musasiye kumwa mankhwala chifukwa cha loto. Kauzeni anamwino kapena adokotala amene anakupatsani, atha kusintha nthawi yomwera kapena mtundu wake. Kutentha thupi nakonso kumabweretsa maloto osokonekera, ndiye wobwera kuchokera ku Malawi, ku Mozambique kapena kuchigwa cha Zambezi akayamba kulota zachilendo thupi likutentha, akayezetse malungo asanapite kwina kulikonse.

Pali chinanso chimene chagawanitsa mabanja ambiri. Munthu amadzuka, maso akuona chipinda, koma thupi silikusuntha, mawu osatuluka, pachifuwa ngati pakhala munthu, mwina n'kuona chithunzithunzi pakhomo. Anzathu achishona amati madzikirira. Kumbukirani ndanena kuti polota manja ndi miyendo zimalefuka. Zimatero kuti munthu asamachite zimene akulota, kupanda apo bwenzi tikumenyana ndi zipupa usiku uliwonse. Nthawi zina mutu umadzuka thupi lisanamasuke, ndipo zidutswa za loto zimalowerera m'chipinda chenichenicho. Zimatenga masekondi ochepa, zikatalika mphindi imodzi kapena ziwiri. Zimakonda wogona chagada ndi wosowa tulo. Zikakugwira usalimbane nazo, puma pang'onopang'ono, yesa kugwedeza chala chimodzi, ndipo uzolowere kugona chammbali. Zosiyana ndi zimenezi n'zimene ziyenera kukudetsani nkhawa. Bambo wachikulire akayamba kuponya zibakera, kukankha miyendo ndi kukuwa kutulo mpaka kuvulaza mkazi wake, mupite naye kwa dokotala, chifukwa nthawi zina chimakhala chizindikiro choyamba cha matenda a mitsempha monga Parkinson's.

Loto loipa limodzi lomwelo likamabwerabwera, makamaka kwa munthu amene anachitapo ngozi, kuberedwa kapena kugwiriridwa, pali njira imene madokotala amaphunzitsa. Masana, osati usiku, lilembe lotolo. Kenako ulisinthe mmene ukufunira, mwina wokuthamangitsayo watembenuka n'kubwerera, mwina khomo latseguka. Loto latsopanolo uzilionera m'maganizo mphindi 10 kapena 20 tsiku lililonse kwa milungu ingapo. Ambiri amapepukidwa. Likakhala lolemera usalinyamule wekha. Muno mu Harare muli Friendship Bench, imene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare mu 2006, kumene agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi pakiliniki kumvetsera anthu ovutika m'maganizo.

Ndabwera kwa iwe amene unalota agogo ako. Sindikuuza kuti n'zopanda pake. Makolo athu loto la womwalira ankalitenga mwaulemu, ndipo ife amene makolo athu anabwera kuno kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za azungu, manda ambiri tinawasiya kutali, mtima sungaleke kukumbuka. Komanso dziwa kuti thupi limalowa m'maloto. Usiku wa mu Juni kapena Julaye muno mu Harare, bulangete likagwa pansi, sizodabwitsa kulota munthu akupempha chofunda. Zonse ziwiri uzisunge m'mutu.

Mwambo wake ndi wakuti loto lotere silinenedwa pagulu. Osalilemba pa Facebook, osaliponya pagulu la WhatsApp la pachibale pamene pali apongozi ndi ana omwe. Yosefe uja anaulula maloto ake kwa abale amene ankamuchitira kale nsanje, ndipo mukudziwa kumene anathera. Upite kwa amayi ako kapena kwa amalume, amene kwathu ndiwo eni mbumba. Ukhale pansi, upereke moni, kenako unene zimene unaona zokhazo. Unawaona atavala chiyani, anali kuti, ananena mawu ati, unamva mantha kapena chisoni. Tanthauzo usaikepo lako, imeneyo ndi ntchito ya akuluakulu. Iwo amadziwa zimene iwe sudziwa, ngati chiliza chinamangidwa, ngati mwambo wa maliro unatsirizidwa, ngati pali mawu amene malemuwo anasiya osakwaniritsidwa. Mabanja amasiyana pochita. Ena amathira nsembe ya ufa, a mpingo amaitana abusa kudzapemphera, Asilamu amachita sadaka. Ena akamva amangoti agogo akukusowa, gona, n'kuthera pomwepo. Amalume akakhala ku Malawi, aimbire foni nthawi imene ali okha, usawatumizire uthenga wa mawu woti aliyense amve.

Chimene ndikukuletsani nonse ndi kutenga loto n'kuliloza pa munthu wamoyo. Kulota azakhali akukupatsa nyama si umboni woti ndi mfiti. Munthu amalota kwambiri anthu amene amawaona ndi kuwaganizira, ndiye amene mwakangana naye dzulo ndi amene adzabwere kutulo. Mwa aneneri ndi asing'anga amene achuluka m'tauni muno, samalani ndi amene amafunsa kaye mayina a achibale anu kenako n'kutchula mmodzi, kapena amene amati lotolo silingachoke osalipira. Kuno ku Zimbabwe, lamulo la milandu limene linayamba kugwira ntchito mu 2006 limati kunena munthu kuti ndi mfiti popanda umboni ndi mlandu, ndipo ku Malawi lamulo la 1911 limaletsanso zomwezo. Amene amalozedwa kawirikawiri ndi nkhalamba ndi amayi amasiye, anthu opanda wowayankhulira.

Loto likakuopsa, m'mawa mwake usanauze munthu dzifunse kuti unagona nthawi yanji, unamwa chiyani, unayamba kapena kusiya mankhwala ati, thupi linkatentha kapena ayi, ndipo unagona ukuganiza chiyani. Ukapita kwa amalume unene ndi zimenezi zomwe, chifukwa amalume anzeru adzakufunsa zomwezo asanayambe za mizimu.