Kukonzekeretsa khola la ng'ombe za mkaka chisanu chisanafike

Bambo wina wa ku Thyolo, yemwe ali ndi ng'ombe ziwiri za mtundu wa Friesian ndi thole limodzi, wanditumizira imelo kufunsa zoyenera kukonza miyezi ya Juni ndi Julaye isanafike. Nkhawa yake ndi yakuti ng'ombezo zikazizidwa mkaka udzachepa.

Bambo, ng'ombe zanu zazikuluzo siziopa kuzizira. Mtundu umenewu unachokera ku Netherlands, dziko lozizira kuposa lathu, ndipo chimene chimaziwawa kwambiri ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Chimene chimaphwetsa mkaka m'nyengo yachisanu ndi njala, chifukwa mvula ikaleka mu Epulo nsenjere imasiya kuphuka msanga, ndipo msipu wabwino sudzaonekanso mpaka mvula yoyamba ya mu Novembala kapena Disembala. Choncho mukamakonzekera chisanu muzidziwa kuti mukusungira chakudya cha miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo.

Ng'ombe yokamidwa yolemera makilogalamu 400 imadya chakudya chouma chokwana pafupifupi makilogalamu 10 mpaka 12 pa tsiku. Werengerani zimenezi pa ng'ombe ziwiri, ndipo mudzaona kuti mulu wa mapesi umene uli kuseri kwa khola sungakufikitseni patali. Mapesi a chimanga paokha amangodzaza mimba, choncho muziwaduladula n'kuwasakaniza ndi masangwi a mtedza kapena masamba a lukina, omwe ali ndi zomanga thupi. Masangwiwo muwaumitse pamthunzi, muwasunge pa thandala pansi pa denga, ndipo chilichonse chimene chachita nkhungu mutaye osachimvera chisoni, pakuti poizoni wa chuku amadutsa m'thupi la ng'ombe n'kulowa mu mkaka umene ana amamwa. Madeya mugule anthu akangokolola, mtengo usanakwere, koma akhale ouma bwino.

Ngati nsenjere yanu ikadali yobiriwira, ndikukulimbikitsani kupanga sayileji, yemwe ndi udzu wauwisi wosungidwa m'dzenje losalowa mpweya kuti ziweto zidzadye m'tsogolo. Dulani udzuwo utafika pafupifupi mita imodzi, muusiye ufote pang'ono, muuduledule tizidutswa tating'ono, kenaka muuthire m'dzenje loyalidwa pulasitiki, mukuwaza molasesi (madzi akuda otsekemera amene amatsala popanga shuga) wosungunula ndi madzi ndi kupondaponda mwamphamvu kuti mpweya utuluke. Mukakwirira bwino ndi dothi, pakatha masabata asanu ndi limodzi mungathe kuyamba kudyetsa. Ambiri amalephera pa kupondaponda, ndipo dzenje lolowa mpweya limatulutsa manyowa m'malo mwa chakudya.

Thole ndilo lofunika kuliteteza ku chisanu. Kwanuko chiperoni chimabwera ndi mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa pamodzi ndi mvula yowaza, ndipo thole logona pansi ponyowa limagwidwa chibayo mosavuta. Tchingani mbali imeneyo ya khola ndi udzu kapena masaka, koma musatseke ponseponse, chifukwa fungo la mkodzo likadzaza m'khola nalonso limawononga mapapo. Yalani udzu wouma pogona ndipo muziusintha ukanyowa. Mukaona thole likutsokomola, likutuluka mamina kapena likukana kuyamwa, itanani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo.

Madzi musawachepetse poganiza kuti kukuzizira, popeza ng'ombe yodya chakudya chouma imamva ludzu kwambiri ndipo ingathe kumwa malita oposa 60 pa tsiku. Musalekenso kupopera mankhwala a nkhupakupa. Za molasesi ndi mchere wonyambita, funsani ku gulu limene mumaperekako mkaka, chifukwa kugula pamodzi ndi alimi anzanu kumatsitsa mtengo wa thiransipoti.