Kodi zojambula za mnyamata wanu ndi kutaya nthawi?

Amayi, mwati mwana wanu chimalizireni Fomu 4 amangokhalira kujambula zithunzi zodzudzula katangale, ndipo mukufunsa ngati zoterezi zinasinthapo kanthu kwinakwake. Ine ndikuti musamulande burashi. Tamvani za ku Kenya.

Chisankho cha kumeneko cha mu Disembala 2007 chitatha, kunabuka ziwawa zomwe zinapha anthu oposa 1,000, ena zikwi mazanamazana n'kuthawa m'makomo mwawo. Boniface Mwangi, yemwe panthawiyo anali wojambula zithunzi wa nyuzipepala, wazaka 24 zokha, anajambula zonsezo ndi kamera: mitembo, nyumba zoyaka, anthu atanyamula zikwanje. Andale atagwirana chanza, aliyense ankafuna nkhaniyo ikwiriridwe. Mu 2009 iye anayambitsa chionetsero cha zithunzi chotchedwa Picha Mtaani. Anasindikiza zithunzi zija zikuluzikulu n'kumakaziyala m'misewu ya m'matauni osiyanasiyana, pomwe amadutsa wogulitsa tomato ndi kondakitala wa minibasi. Chimene chimandigwira mtima ine ndi malo amenewa. Lipoti la masamba mazana limathera mu kabati ya ku ofesi, koma chithunzi cha pamsewu ngakhale gogo wosadziwa kuwerenga amaima n'kuchiyang'ana, mwinanso n'kuzindikira mudzi wake.

Mu 2012 Mwangi ndi anzake ojambula pamakoma anachita china. Usiku anthu ali mtulo, anajambula pa chipupa pakati pa mzinda wa Nairobi muimba wovala suti, utakhala pampando. Pambali analemba mndandanda wa milandu ya kuba ndalama za boma yomwe inangozilala. Kutacha, khamu linaunjikana pamenepo. Palibe amene anafunika kuuzidwa kuti muimbawo ndi phungu. Akhonsolo anadzapaka penti kufufuta, koma anachedwa, zinali zitalowa kale m'mafoni ndi m'manyuzipepala. Chaka chotsatira, aphungu atayamba kulirira malipiro okwera, gulu lomwelo linatula nkhumba ndi magazi pachipata cha nyumba ya malamulo.

Kodi katangale anatha ku Kenya? Ayi ndithu. Mwangi yemweyo anaimira uphungu wa dera la Starehe mu 2017 ndipo anagwa. Wamangidwapo kangapo, ndipo mantha anuwo monga kholo ndi omveka. Koma anthu anapeza dzina loitanira aphungu adyera, loti miimba, ndipo munthu amene wasekedwa poyera saopedwanso ngati kale. Malo otchedwa PAWA254 amene anatsegula ku Nairobi mu 2011 akhala akusonkhanitsa achinyamata ojambula, alakatuli ndi oimba kuti aphunzitsane luso.

Tsono za mnyamata wanuyo. Mufunseni kuti zimene amajambulazo akufuna azione ndani, chifukwa zikangokhala m'kope pansi pa matiresi ndiye kutaya nthawi kwenikweniko. Ayambe ndi nkhani imene anthu a m'dera lanu akuidziwa bwino, kaya ndi mjigo umene unafa kalekale, kaya ndi mankhwala osowa kuchipatala. Chipupa apemphe kwa mwini wake, wagolosale kapena ahedi a pasukulu, asangopaka usiku payekha. Asaikepo nkhope kapena dzina la munthu n'kumutchula wakuba popanda umboni, zimenezo zimathera kukhoti. Ndipo akamaliza, ajambule ndi foni tsiku lomwelo, wina asanabwere ndi chitini cha penti.